Msomali pakhoma la tchalitchi chakale

Abale ndi alongo, zikomo chifukwa chotsalira pambuyo pa mapemphero, ngakhale ena mwa inu mukulowa ntchito usiku uno. Nkhaniyi mwaimva kale. Lamlungu lapitalo, pokonzekera chikondwerero chathu cha pa 6 July, mnzathu wina anakhoma misomali iwiri pakhoma la kumpoto la tchalitchi chakalechi, chimene timachita lendi muno mu Leicester, kuti apachike mbendera, ndipo pulasitala wokula ngati chikhatho changachi anagamuka n'kugwa pansi. Dzina sinditchula, chifukwa wogwira makwerero analipo, ndipo wonena kuti "kwezani pang'ono kumanzereko" analiponso. Lachiwiri ndinaitanidwa ndi mayi amene amayang'anira nyumbayi, amene kuno amawatcha churchwarden. Sanandikalipire ayi. Anangotsegula envulopu n'kundionetsa tizidutswa tonse timene anatola pansi, ndipo kuseri kwa kachidutswa kamodzi kunali utoto wofiirira. Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. Choncho mawu anga lero ndi amodzi: musakhome kanthu pakhoma, musamate kanthu pakhoma.

Ife tikamva zoti tchalitchi chakale, timaganiza za St Peter's ya ku Likoma imene anayamba kumanga mu 1903. Muno mu Leicester zaka zimenezo ndi dzulodzuloli. Mukadutsa pa St Nicholas, pafupi ndi chipupa chija chotchedwa Jewry Wall, mudzayang'ane timazenera tiwiri tating'ono m'mwamba mwa khoma la mkati. Mbali imeneyo inamangidwa Anormani asanalande dziko lino mu 1066, ndipo njerwa zopyapyala zozungulira timazenerato anazitola m'mabwinja a Aroma, amene mzinda uno ankautcha Ratae. Njerwa zinali kale zakalekale pamene ankamangira tchalitchicho. St Mary de Castro, ija ya pafupi ndi linga lakale la Leicester Castle, inakhazikitsidwa mu 1107.

Nanga utoto wofiirawo unawadetsa nkhawa chifukwa chiyani? Kale anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo makoma a matchalitchi ankadzaza ndi zithunzi za nkhani za m'Baibulo ndi za oyera mtima. Mfumu Henry VIII itapatukana ndi Roma mu 1534, ndipo makamaka mwana wake Edward VI atalowa ufumu mu 1547, analamula kuti zithunzi zichotsedwe, ndipo m'malo ambiri anangozikwirira ndi laimu. Ku Pickering, m'chigawo cha Yorkshire, zithunzi za m'ma 1400 zinatulukira mwangozi mu 1852 pamene ankakonza tchalitchi. M'busa wa nthawiyo sanazikonde, ndipo analamula kuti azipakenso laimu, mpaka wina anadzazivundukula patapita zaka zoposa 20. Lero anthu amachokera kutali kukaziona. Khoma loyera limene mukuliona apali mwina likubisa chinthu chotero, ndipo msomali sufunsa kuti kuseri kuli chiyani. Musakhome kanthu pakhoma.

"Pepani bambo, koma ife timalipira lendi mwezi ndi mwezi. Kodi sitingapachike ngakhale kalendala m'nyumba imene tikulipira?"

Mwafunsa bwino achimwene, ndipo ndikudziwa kuti ambiri funso limeneli anali nalo mumtima. Lendi yathu imagula maola atatu a Lamlungu masana, magetsi ndi chotenthetsera, osati khoma. Ngakhale m'busa weniweni wa pano alibe mphamvu yoboola khoma mwa iye yekha. M'mpingo wa Church of England, kusintha kwakukulu panyumba yotere kumafuna chilolezo chotchedwa faculty, chimene chimachokera kwa woweruza wa khoti la dayosizi, ndipo pempho lake limatha kutenga miyezi. Chifukwa chake n'chakuti tchalitchi cha parishi si cha anthu okhawo amene amapempheramo. Kwa zaka mazanamazana parishi inali ngati bwalo la mfumu kwathu. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, ukwati ndi maliro onse, ndipo boma linadzayamba kalembera wakewake mu 1837. Lamulo la mu 1601 linapatsa parishi udindo wotolera msonkho wosamalira osauka. Munthu wa dera lino, ngakhale amene sanapondemo muno zaka 40, agogo ake analembedwa m'mabuku amenewo ndipo ena agona panjapo. Taganizani mlendo amene mwamubwereka nyumba kumudzi atapita kumanda a makolo anu kukadula mtengo woti ayanikirepo zovala, ati chifukwa analipira lendi. Mlandu wake ungathe ndi nkhuku imodzi?

Anthu a muno anaphunzira mowawa kuti chotayika chimavuta kuchipeza. Mfumu Richard III itaphedwa ku Bosworth mu 1485 inaikidwa kunyumba ya ansembe ya Greyfriars, nyumbayo inatsekedwa mu 1538, manda anaiwalika, ndipo mafupa anadzapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto. Ena mwa inu munaona khamu la anthu pamene ankaikidwanso m'Cathedral mu 2015.

Pali m'bale wina wamtima wabwino amene anandiuza kuti abwera madzulo ndi simenti adzamate bowolo anthu asanaone. Chonde, ayi. Makoma awa anamangidwa ndi laimu, amene amalola chinyezi kutuluka, pamene simenti imachitsekera mkati mpaka mwala umayamba kufumbutuka. Kumata kungaononge kuposa msomali uja. Musakhome, musamate.

Ndikuona ena ayamba kuvala majekete, choncho ndifulumire. Mbendera ndi zikwangwani tiziika pa zoimikira zimene komiti igule sabata ino, ndipo selotepi isakhudze khoma, chipilala kapena benchi. Miphika yotentha isaikidwe pamwala wobatizira kapena pamiyala yolembedwa ya pansiyi. Ana asakwere pamiyala ya kumanda, chifukwa ina ndi yopyapyala ndipo inapendekeka kale. Chinthu chikathyoka, musachibise ndipo musachitaye, koma muchiike pambali n'kundiuza tsiku lomwelo. Ndalama zolipirira katswiri wodzaona khomalo tikambirana Lamlungu likubwerali, ndipo amayi a msungichuma ali pakhomopo ndi buku lawo.