Amayi, za mng'ono wanga ndi ndalama za fizi zija

Amayi, ndikupereka moni kuchokera kuno ku Leeds, ku Mangalande. Ndangoweruka kumene ntchito ya usiku, koma ndati ndisagone ndisanakuyankheni, chifukwa uthenga wa amalume ndaumvetsera kawiri ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndamva kuti ndalama za fizi zimene ndinatumiza, mng'ono wanga wazithera pobetcha mpira pa foni, ndiponso kuti mwagwirizana zopita naye kwa sing'anga Loweruka poganiza kuti alipo amene wamulodza. Ndikupempha kuti ulendowo muyambe mwauimika, mumve kaye zimene ndimaona ku wodi kumene ndimagwira ntchito.

Ife timasamalira odwala matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja. Ena amapatsidwa mankhwala otchedwa pramipexole kapena ropinirole, amene amagwira ntchito ngati dopamine, chinthu chimene ubongo umatulutsa wokha kuti munthu alakelake zabwino ndi kuzithamangira. Wodwala asanayambe kumwa mankhwalawa, timakhala pansi ndi iye ndi banja lake n'kuwachenjeza kuti ena amayamba nawo juga. Ndinasamalirapo bambo wina wachikulire, wa mapemphero, amene moyo wake wonse sanatchovepo juga. Atayamba mankhwala, mkazi wake anapeza timakhadi tokanda ta lotale titadzaza mu nsapato pansi pa bedi, ndipo bamboyo analira pamaso pathu chifukwa cha manyazi. Dokotala atasintha mankhwala, chilakolakocho chinazirala. Palibe anawalodza bambo aja, Amayi, nkhani yonse inali mu ubongo.

Wasayansi wina dzina lake Wolfram Schultz anafufuza zimenezi pa apusi, powadonthezera madzi a zipatso m'kamwa uku akuyeza maselo a dopamine. M'chaka cha 2003 iye ndi anzake anaonetsa kuti podikira mphotho, maselowa amatakataka kwambiri pamene pusi sakudziwa ngati alandira kapena ayi. Ndiye kuti kukoma kwa juga kuli pa kudikirako. N'chifukwa chake mwana wanu akamati timu imodzi yokha ndi imene yamugwetsera tikiti, maso ake amakhala akuwala m'malo mochita mantha, pakuti kuphonya pang'ono ubongo umakulandira ngati kuti wayandikira kupambana.

Ndikudziwa funso lanu, chifukwa amalume alibwereza katatu: bwanji achemwali, amene anayamwa bere lomwelo, sataya ngakhale tambala? Anthu amabadwa mosiyana pa nkhani imeneyi, ndipo kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti mbali ina ndi ya kumtundu, ina ndi ya kumene munthu wakulira. Marvin Zuckerman, katswiri wa ku America, anayamba m'zaka za m'ma 1960 kuyeza khalidwe lofuna zachilendo ndi zodukitsa mtima, ndipo linkapezeka lochuluka mwa anyamata, n'kumachepa munthu akamakula. Mukumbukire kuti mwana ameneyu ndi yemwe ankakwera mpaka kunsonga kwa mtengo wa mango wa kuseri kwa khola uja, anzake atatsala pa nthambi zam'munsi. Mango amenewo ndawasowa, kuno timagula limodzi limodzi lopanda fungo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mbali ina ya ubongo, imene ili kuseri kwa mphumi, ndiyo imagwira ntchito ya mabuleki. Ku Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a za ubongo Antoine Bechara ndi Antonio Damasio ankapatsa anthu milu 4 ya makhadi kuti azitola. Milu 2 inkapereka ndalama zambiri koma n'kumalanda zochuluka koposa, pamene 2 inayo inkapereka pang'onopang'ono mopindulitsa. Anthu abwinobwino ankayamba kutuluka thukuta m'manja akamatambasulira dzanja ku milu yoipa ija, asanathe n'komwe kufotokoza chimene chalakwika. Koma amene anavulala kuseri kwa mphumi sankatuluka thukuta lochenjezalo, ndipo ankangobwerera komweko mpaka ndalama kutha. Chonde musakauze anthu kumudzi kuti ndanena kuti mng'ono wanga ndi wozungulira mutu, ayi. Chimene ndikunena n'chakuti mbali imeneyi imachedwa kukhwima, imafika mpaka cha m'ma zaka 25, pamene iye ali ndi zaka 19 zokha. Chilakolako chakula kale, mabuleki akadali anthete.

Apa ndakumbukira china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa fizi. Amalume akuti popeza sukulu yamukanika, timugulire njinga yamoto ayambe kabaza. Sindikuvomereza pakali pano. Katswiri wina wa ku America, Laurence Steinberg, ndi mnzake anachita kafukufuku m'chaka cha 2005 pogwiritsa ntchito masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, ndipo achinyamata ankachita zoika moyo pachiswe kwambiri anzawo akamawaonerera, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Tangoganizani mwana ameneyu ali pa siteji ndi anzake, m'thumba muli ndalama za tsiku ndi tsiku, foni ili m'manja, chisoti chili pa chiwongolero m'malo mokhala kumutu. Fizi tikhoza kuipezanso, koma mutu wosweka ndimauona kuntchito ndipo sindifuna kuti ukhale wa kwathu.

Khalidwe lofuna zachilendo limeneli si loipa lokhalokha. Agogo aamuna ananyamuka kupita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela osadziwa chinenero cha kumeneko, ndipo malata oyamba pakhomo pathu anachokera mu ulendo umenewo. Inenso munandiletsa pamene ndinkasiya ntchito ya boma kubwera kuno. Magazi ndi omwewo, kungoti mwa iye agwera pa juga.

Tsono tichite motere. Fizi ya teremu ino nditumizanso, koma idzafikira pa foni ya achemwali, ndipo iwo akalipire okha ku banki n'kunditumizira chithunzi cha risiti. Iye asagwire ndalama zambiri nthawi imodzi, muzimupatsa ya thiransipoti ndi ya chakudya cha tsikulo basi. Musamunyoze pagulu kapena kumukakamiza kubweza msanga, chifukwa wotchova juga akapanikizidwa amaganiza kuti njira yobwezera ndi kubetchanso. Vutoli ndi matenda odziwika ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndipo ngati apitiriza, ndalama imene mukanapereka kwa sing'anga ikhale yoyendera kupita ku chipatala cha St John of God, kumene kuli alangizi othandiza anthu amene agwidwa ndi zizolowezi zotere. Mukaona kuti wasiya kudya, akudzitsekera m'chipinda kapena akulankhula zotaya mtima, musadikire, mundiimbire ngakhale pakati pa usiku.

Mumuuze kuti Lamulungu madzulo ndili pa tchuthi ndipo ndidzamuimbira. Adzakhale yekha, amalume asadzakhale pafupi.