Lalanje ndi tochi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Kuno ku Ulongwe kwacha ndi chisanu, madzi a m'ndowa akuchita kuluma zala. Ndadzuka ndi Salimo 139:12, lija la usiku wowala ngati usana pamaso pa Mulungu. Ndinene msanga ndisanasochere m'nkhani zanga: inu amene mwaleka kupemphera chifukwa kwakuderani, gwadani m'mawa uno. Ine ndagwada lero, patatha masiku asanu bondo lisanakhudze pansi.

Lachitatu ndinali ndi ana anga a kalasi 6, phunziro la mwezi. Buku lili ndi zithunzi zabwino, koma buku limodzi silikwanira maso onse aja. Ndiye ndinagula lalanje pamsika, ndinabwereka tochi kwa alonda a pasukulu, atsikana anapereka makapulana awo ofunda pachisanu kuti titchinge mawindo. M'kalasi munada bii. Lalanje ndinalibaya pa pensulo n'kumupatsa mnyamata wina wovuta kwambiri, amene sakhala pansi mphindi ziwiri.

"Tochiyi ndi dzuwa. Mutu wako ndi dziko lapansi. Lalanjeli ndi mwezi. Tambasula dzanja, ulikweze pang'ono, uzitembenuka pang'onopang'ono."

Atafulatira tochi, lalanje lonse linawala mbee. Ana anakuwa kuti mwezi wathunthu. Atatembenukira cham'mbali linawala theka. Kenako anayang'anizana ndi tochi, lalanje lili pakati pa nkhope yake ndi kuwala, ndipo anati, "Aphunzitsi, wafa."

Ndinafunsa ana amene anakhala kufupi ndi tochi kuti nanga inu mukuona chiyani. Onse pamodzi: "Likuwala!" Mnyamata uja anakana kwamtuwagalu, akuti akunama, ine ndikuliona ndi maso anga, lada. Panabuka mkangano, ndipo ine amene ndimayenera kuuweruza ndinangoima ndi tochi m'manja, pakhosi patandimanga.

Amayi anga agonekedwa m'chipatala ku Tete kuyambira Loweruka. Anagwa kudimba, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinangozizira. Amene ali nawo ndi mlongo wanga, akugona pansi m'kutentha kwa ku Tete kuja, munthu wokulira kuzizira kwa Angónia. Ndalama za mbatata za kachewere zimene tinasungira feteleza zathera momwemo. Foni ikalira mtima umagunda, ikapanda kulira umagundanso. Sindinamutukwane Mulungu, ayi. Ndinangomunyanyala, monga mwana wokana nsima amene wakhala kuseri kwa nkhokwe kudikira kuti wina abwere kudzamunyengerera. Akazi anga ankati tiyeni tipemphere, ine n'kumati yambani, ndikubwera.

Chonsecho phunziro limene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka limanena zomveka. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa. Ndipo theka lake limakhala lowala nthawi zonse, kupatula maola ochepa a kadamsana. Pa masiku 29 ndi theka amene umatenga kuchoka pa mdima kudzafikanso pa mdima, dzuwa siliusiya. Chimene chimasintha ndi mbali imene ife tikuiona. Chinandibaya kwambiri ndi ichi: usiku umene timati mwezi wafa, ndi pamene mweziwo uli mbali ya kudzuwa, pakati pa ife ndi ilo. Mnyamata uja ankaona lalanje lakuda pa nthawi yomwe nkhope yake inali italoza ku tochi.

Inu achimwene amene mukuti Mulungu wandifulatira, mwafunsa ana okhala kufupi ndi tochi? Ife timakhulupirira maso athu mopitirira muyeso. Taona mbali imodzi ya lalanje, basi tagamula mlandu, tasiya kupita ku tchalitchi, moni wa akulu a mpingo tikuyankha ndi mphuno. Ine ndine woyamba pa mzere umenewu, choncho musandikwiyire. Gwadani basi, ngakhale mawu asabwere.

Mkangano utazizira, mtsikana wina anafunsa ngati alipo munthu amene anaonako kuseri kwa mwezi, poti ndinawauza kuti mwezi umationetsa nkhope imodzi yokhayokha, ija agogo ankatiuza kuti muli mayi wosenza nkhuni. Alipo. Oyamba anali anthu atatu a mu chombo cha Apollo 8, Frank Borman, Jim Lovell ndi William Anders, mu Disembala 1968. Pa 24 mwezi umenewo, akuzungulira mwezi, anawerengera dziko lonse mavesi khumi oyamba a Genesis pa wailesi. Koma amene ndimakonda kuwauza ana ndi Michael Collins. Mu Julayi 1969, pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatsikira pa mwezi, iye anatsala yekha m'chombo chachikulu kumazungulira. Akalowa kuseri, mwezi unkatchinga wailesi, ndipo kwa mphindi zoposa 45 panalibe mawu ochokera ku Houston, mzinda wa ku America kumene kunali oyang'anira ulendowo, panalibe mawu a anzake, dziko lapansi losaoneka n'komwe. Kwawo kunali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000.

Ana anafunsa ngati sankalira. Ndinawayankha kuti chete ameneyo anali wowerengedwa kale chombo chisananyamuke. A ku Houston ankadziwa mphindi imene mawu ake azimiririke ndi mphindi imene amvekenso. Iye naye ankadziwa. Ankagwira ntchito zake m'chombomo podikira kutulukira mbali inayo. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha, ndipo manyazi anandigwira pamaso pa ana a zaka 12. Ine wailesi yangoti zii masiku asanu, ndataya kale zipangizo.

Sindikunena kuti mdima ndi wabodza. Mnyamata uja sananame, mbali yake inalidi yakuda. Amayi anga akudwaladi, feteleza kulibedi, ndipo wina wa inu waika maliro sabata ino. Wobwera kudzakuuzani kuti sekani, zonse zili bwino, ameneyo sanagwirepo lalanje. Koma musaliponye pansi. Mnyamatayo atakwiya anafuna kukhala pansi, ndinamuuza kuti ayi, pitiriza kutembenuka. Anasuntha phazi kamodzi kokha, m'mphepete mwa lalanje munaoneka kamzere kowala, kopyapyala ngati chikhadabo. Kalasi yonse inati, "Waoneka!" monga timakuwira kumudzi mwezi ukakhala kumadzulo.

Kamzere kanga kanabwera dzulo usiku. Mlongo wanga anaimba kuti amayi amwa phala masipuni anayi, ndipo afunsa ngati mbuzi zikutsekeredwa. Masipuni anayi si kuchira. Koma ndinakhala pa mphasa, akazi anga anandigwira dzanja, ndipo pemphero loyamba linali mawu awiri okha, Ambuye pepani. M'mawa uno ndawonjezerapo ena.

Ndiye inu alongo amene foni yanu sinalirebe, inu bambo amene kamzere sikanaoneke, musadikire kuti kuwale kuti mupemphere monga ndachitira ine. Imeneyo si njira yoti mutengere. Pempherani lalanje likadali lakuda. Amene wagwira tochi sanasunthe, ndipo mabatire ake si a pamsika ngati a alonda athu, amene anayamba kufiira phunziro lisanathe.

Belu litalira, ana anachotsa makapulana m'mawindo, ndipo funso lalikulu la sayansi linali lakuti mwezi adya ndani. Ndinausenda n'kugawira amene anayankha bwino, mnyamata wovuta uja anapata zigawo ziwiri. Ndagula malalanje ena asanu ndi limodzi, ali m'chikwama. Mawa m'mamawa ndikwera chapa ya ku Tete. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka mlongo wangayo, watopa.