Gasi wophera majeremusi amabisala mu labala

Zikomo amfumu, azimayi ndi azibambo, makamaka inu a komiti ya zaumoyo ndi anzathu othandizira ku fiyeta. Mukatenga paketi ya sirinji kapena kachubu kaja kotulutsira mkodzo, tayang'anani bwinobwino, nthawi zambiri pamalembedwa STERILE EO. EO ameneyo ndi ethylene oxide, gasi wophera majeremusi. Masizasi timawaika mu otokilevu, makina ophera majeremusi ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 121 koma pulasitiki ndi labala wina akalowa mmenemo amapindika, ndiye amagwiritsa ntchito gasiyu poti safuna kutentha kwambiri.

Tsono vuto lili apa. Chitsulo ndi galasi sizimwa gasi, koma labala amamwa ndithu, ngati chigubu chomwe munasungiramo palafini, mutsuke kangati fungo limatulukabe. Kusiyana kwake nkoti gasi uyu pamene mukuyamba kumva fungo lake ndiye kuti wachuluka kale mowopsa, ku America malire a wantchito ndi 1 ppm (gawo limodzi la gasi pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) pa maola 8, mphuno siingamve zimenezo. Ndiye zonunkhiza chubu nkumati ayi chili bwino, chonde tisiye.

Chubu chopumira chikalowa pakhosi pa wodwala gasi asanathe chimawotcha mkati, pakhosi nkutupa, magolovesi amatulutsa matuza m'manja, gasiyu akalowa m'magazi amaswa maselo ofiira. Ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linanena kale mu 1994 kuti gasiyu amayambitsa khansa.

Amachoka bwanji? Osati ndi madzi ayi. Kutsuka kumangonyowetsa pamwamba, gasi ali mkati mwa labalamo ndipo amatuluka pang'onopang'ono payekha. Chimafunika ndi mpweya wofunda woyenda. Zipangizo amaziika m'makina opitsa mpweya zili m'mapaketi mwake momwemo, pa madigiri 50 ndi maola 12, pa madigiri 60 maola 8. Popanda makinawo, kungoziika m'chipinda chopita mphepo, machubu a pulasitiki ya PVC amafuna masiku 7 athunthu, ndipo chipindacho chisakhale choti anthu amakhalamo kapena kudyeramo nsima.

Amayi mwafunsa za m'mapaketi zochokera kufakitale, zimenezo musaope, anachotsa kale gasi asanatumize. Ine nkhawa yanga ili pa chipatala chomwe chili ndi makina akechake a gasi, odwala ali pamzere, wina nkumati tangotulutsani tigwiritse ntchito. Kanani. Lembani pa paketi tsiku ndi ola lomwe mwaika, ndipo asatsegule munthu nthawi isanakwane olo akhale dokotala wamkulu.