Makalata anu: za Charley Patton, mkulu wa mawu osasa uja

Thumba ladzadza sabata ino abale, ambiri mukufunsa za nyimbo tinaika pa wailesi Lachisanu ija. Tiyambe ndi bambo ena a ku Nsanje, alemba chonchi:

"Achimwene, nyimbo ija imangoti wayowayo ngati wailesi yanga yatha mabatire, chizungu chakenso sindinatolepo kanthu koma mtima unandiwawa ndithu. Ameneyu ndani ndipo akulira chani?"

Bambo wailesi yanu ili bwinobwino musaitaye. Ameneyu ndi Charley Patton wa ku Mississippi ku America, nyimboyo ndi High Water Everywhere ya mu 1929, ndiye phokoso lija ndi la mbale zakalekale zomwe zinatsala, zokandikakandika. Zomwe akulira inu a ku Nsanje mukuzidziwa kuposa ine. Mu 1927 mtsinje wa Mississippi unasefukira nkugumula khoma la dothi lomwe limautchinga pafupi ndi Greenville, madzi anameza minda ndi nyumba ndi ziweto zomwe, ndiye iyeyo akutchula malo amodziamodzi komwe madzi afika, nkunena kuti amafuna kuthawira kumtunda koma anamutsekera njira. Sizongopeka izi, anthu akuda ambiri anawasunga mmakampu pamwamba pa khomalo nkumawagwiritsa ntchito mokakamiza. Nyimboyo inatalika mpaka inadzadza mbali zonse ziwiri za mbale.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi ena olima thonje ku Chikwawa. Akuti "kodi ameneyu anagwirako khasu kapena amangoimba za alimi ali mtauni?"

Mayi funso lanu landisangalatsa kwabasi. Patton anakulira pa esiteti ya thonje ya Dockery, komwe anthu amalima munda wa mwini malo nkumagawana naye zokolola, ngongole osatha chaka ndi chaka, amene munakhalapo matenanti pa fodya mwamva kale. Koma ndisakunamizeni, iyeyo atakula amadya za gitala, kuzungulira mmaesiteti kuimba pa madansi a Loweruka usiku, gitala kuimbira kumbuyo kwa mutu, pakati pa miyendo, kuiponya mmwamba, anthu otopa ndi thonje nkumavina mpaka kucha. Ine sindimuona ngati wothawa khasu ayi chifukwa zomwe amaimba ndi zomwe anthu amenewo amagona nazo mmutu. Ilipo nyimbo yake ina ya kachilombo kotchedwa boll weevil kamene kamaboola thonje lisanaphulike, kanasaukitsa alimi dera lonselo, ndipo iye akukaimba ngati munthu woti wangofika pakhomo ndi banja lake lonse kudzakhazikika. Ina ndi Dry Well Blues ya mu 1930, ya chilala chomwe chinaumitsa zitsime ku Lula, katauni ka ku Mississippi komweko.

Mnyamata wina wa ku Thyolo wangolemba mzere umodzi pa WhatsApp, akuti "bwanji osangotiikira Allan Namoko?" Aise Namoko timuika, ameneyo ndi wathu sitingamuiwale, banjo yake ija ndi mawu aja akukwanira bwino mu pulogalamu ino, sabata ya mawa ndi yake.

Amene munafunsa ngati Patton akadali moyo, ayi anamwalira mu April 1934 ndi matenda a mtima, miyezi yochepa atajambula komaliza ku New York limodzi ndi mkazi wake Bertha Lee. Mayi a ku Chikwawa kwezani voliyumu, ya kachilombo ka thonje ija ndi iyi.