Musanagule bendiso yaikulu, werengani mota

Zikomo apampando, zikomo amfumu potilola kukumana pano. Anyamata inu a kumbuyoko senderani kuno, mawu anga si a chimkuzamawu.

Nonse mwamva zomwe zamuchitikira mnzathu wa kumtundaku sabata yatha. Dzina sinditchula, koma ali pompano ndipo wandiloleza kuti ndinene. Anagulitsa njinga yamoto, nkuwonjezera za ku banki m'khonde, nkuitanitsa bendiso yaikulu, makina ochekera matabwa aja a bledi yoyenda pa mawilo awiri, kuchokera ku Johannesburg. Makina okongola, chitsulo chokhachokha, potsitsa m'lole panafunika amuna asanu ndi mmodzi. Atawalowetsa m'shedi, kuyang'ana chingwe, pulagi yake ya mano asanu. Makinawo ndi a 3-phase, magetsi amphamvu a m'mafakitale aja, pomwe pakhomo pake pali magetsi wamba ngati tonsefe. M'malo mofunsa, anaitana "injiniya" wa pamsika, iye nkulumikiza mawaya mwa nzeru zake. Mota inangong'ung'udza osazungulira, kenako utsi tolo! Utuchi womwe unali pansipo unayamba kunyeka. Pakadapanda mayi a kunyumba kuthamangira kukazimitsa pa meni switchi nkuthira mchenga, bwenzi lero tikusonkherana malata.

Ndiye mawu anga ndi amodzi: musanapereke ndalama, werengani kachitsulo kokhomedwa pa mota. Kamakhala kakuda ndi fumbi, pukutani ndi chala, mugwade, muwerenge. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ndi mavolti 230. Mukaona 220, 230 kapena 240, ndi palembedwa 1 PH, amenewo ndi anu. Mukaona 380, 400 kapena 415 ndi 3 PH, amenewo ndi a kufakitale, ofuna kuti mukapemphe mzere wa 3-phase ku ESCOM. Makina akale a ku England aja, monga a Wadkin, ndi olimba zedi, adzukulu anu angadzawapeze, koma ambiri ndi a 3-phase. Ndipo inu amene muli ndi achibale ku America, samalani. Kumeneko makina ang'onoang'ono ndi a 110 kapena 120. Mukangowalowetsa pa soketi yathu, mwawotcha.

Tsono funso lomwe sitimadzifunsa: waukuluwo ndikuufuniranji? Ena mwa inu mukufuna makina aakulu chifukwa choti neba ali nawo. Musandiyang'ane choncho, ndikukudziwani. (kuseka)

Akamati bendiso ya mainchesi 14, akunena kukula kwa mawilo ake, ndipo mpata wochokera pa bledi kufika pa thupi la makina umakhala wochepera pamenepo pang'ono. Koma ife opanga mabedi, zitseko ndi makabati, chotivuta kawirikawiri si mpata wa m'mbaliwo ayi. Ndi msinkhu. Kodi thabwa lokhuthala bwanji lingalowe pansi pa gaidi, kachitsulo kowongolera bledi kaja, ndikafuna kuling'amba pakati? Makina wamba a 14 amalandira masentimita 15 okha. Ena amalola kuikapo chitsulo chowonjezera msinkhu, nkufika masentimita 30. Ndiye ngati ntchito yanu ndi kudula miyendo ya mipando yokhotakhota ndi paini wa ku Chikangawa, a 14 akukwanirani mpaka mudzakalambe. Ngati mukung'amba mlombwa kapena mbawa wokhuthala kuti thabwa limodzi lipereke awiri, apo ganizani za 17 kapena 18.

Koma msinkhu popanda mphamvu ndi chabe. Mota ya hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 750. Pa paini imathamanga bwinobwino. Ipatseni bulugamu wouma wa masentimita 25, muimva ikulira ngati mbuzi yomangidwa, bledi nkuyamba kukhota m'kati mwa thabwa. Pa ntchito yotere mukufunika hosipawa imodzi ndi theka kapena ziwiri. Kupitirira apo, pulagi yathu ya mano atatu ija ili ndi fyuzi ya 13, siingapirire, pakufunika waya wakewake wochokera pa bokosi. Mwaona kuti tabwereranso pa mota? Werengani mota.

Ine ndemwe ndinagwapo, musaganize kuti ndikuyankhula ngati mngelo. Zaka za kumbuyoku ndinagula makina a kaunjika, magetsi ake oyenera bwinobwino, ndinanyadira. Patatha milungu iwiri bledi inaduka. Kuzungulira m'mashopu, mulingo wake osapezeka. Makinawo anakhala miyezi inayi osagwira ntchito, mpaka nkhuku ya mayi inayamba kuikira mazira pansi pa tebulo lake. Tsiku lililonse mayi ankati, "Bambo a ana, khola lanu lodula lija latipatsa mazira awiri lero." (kuseka) Bledi ya makina wamba a 14 ndi mainchesi 93 ndi theka, ukawonjezera msinkhu imakhala 105. Miyeso imeneyi siivuta kwenikweni. Yachilendoyo funsani kaye kuti idzachokera kuti, kapena ngati pali wodziwa kudula ndi kulumikiza bledi moyenera. Kuwotcherera ngati geti sikugwira, imaduka pomwepo.

Eya achimwene, dzanja lanu ndaliona. Nenani.

(Wina akufunsa ngati munthu sangangochotsa mota ya 3-phase nkuikapo ina, kapena kugwiritsa ntchito jenereta.)

Mwafunsa bwino, ndipo mnzathu uja atchere khutu chifukwa makina ake sanafe, yafa ndi mota yokha. Inde, mota imasinthika. Koma osangotola iliyonse ya pa chigayo chakufa. Pa kachitsulo komweko pamalembedwa liwiro. Zina zimazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, zina ka 2,800. Mukaika yothamanga pomwe panali yodekha, bledi ithamanga kawiri, itentha, mano atha, ndipo ikaduka simungakonde kukhala pafupi. Muonenso kunenepa kwa shafiti kuti pule, kawilo koyendapo lamba kaja, ilowe, ndi mabowo a mabauti, ndi mbali yomwe ikuzungulira, chifukwa mano a bledi ayenera kutsika kulowera pa tebulo. Njira ina ndi kabokosi kotchedwa VFD, kamalandira magetsi athu wamba nkutulutsa 3-phase. Koma kamagwira ngati pa mota palembedwa manambala awiri, 230 ndi 400, ndipo wolumikiza akhale munthu wa mapepala ake, wophunzira zamagetsi, osati injiniya wathu uja. Ndalama ya zonsezi muiwerengere pa mtengo wa makina musanagule, chifukwa nthawi zina wotchipayo ndiye amadula.

Za jenereta, apa ambiri timanamizana. Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda. Munthu amaona jenereta ya mawati 2,000, mota ya 1,500, nkumati zakwana. Kuyatsa, jenereta imangotsamwa nkuzima, kapena mota imang'ung'udza osanyamuka, ndipo kung'ung'udzako ndiye kupsa kumene. Jenereta ikhale yoposa motayo kutali. Kaja koonera mpira kasiyeni koonera mpira.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ena mukuganiza za makasitomala, ndithamange.

Mukapita kokagula, nyamulani chidutswa cha mlombwa m'thumba. Wogulitsa akakana kuyatsa makina, tsanzikani. Asanayatse, tsegulani zitseko zonse ziwiri, zungulitsani wilo ndi dzanja, lisamagwedezeke, lisamalire. Labala wa pa wilo asakhale wong'aluka. Magaidi akhalepo, pamwamba ndi pansi pa tebulo, ambiri a kaunjika apansiwo anasowa kalekale. Chitsulo chomangira bledi ndi chogwira tebulo muone ngati zinathyokapo nkuwotcherera. Kenako chekani chidutswa chanu chija, muone ngati ikutsata mzere. Yezaninso chitseko cha shedi yanu ndi denga, pansi pakhale pa simenti, makina aatali pa dothi amapendama. Pong'amba thabwa lokhuthala, bledi yotambalala ya mamilimita 19 yokhala ndi mano atatu pa inchi. Pokhotakhota, yopyapyala ya mamilimita 6. Gaidi itsike pafupi ndi thabwa, isasiye bledi pamtunda. Kumapeto kwa thabwa kankhani ndi kamtengo, zala zanu zilibe sipeya. Utuchi sesani tsiku lililonse, mwaona okha zomwe umachita.

China ichi chokha musachiphonye. Magetsi akazima muli pakati pocheka, zimitsani makina ndi kuzula pulagi musanatuluke. Makina ena ali ndi switchi yodzizimitsa yokha, ambiri akalewa alibe. Magetsi akabwera amadzuka okha, mwina mwana ali m'shedimo akutola zidutswa.

Ndipo mota, abale anga. Gwadani, pukutani, werengani. Ngati manambala akukusokonezani, jambulani pa foni mutumize pa gulu lathu la WhatsApp musanalipire, tilipo angapo tikuyankhani.

Apampando, ndathera pomwepa. Amene mukufuna kuona kachitsulo ndikunenaka, mota yopsa ija tabwera nayo, ili pa wilibala kuseriku. Musaigwire mwa manja oyera, ili ndi mwaye.