Sannyasa: munthu wodzichitira maliro ali moyo

Takulandirani anzanga, lero tili ku India. Amene munaonera Kumbh Mela, chikondwerero chachikulu cha Ahindu, ku Prayagraj mu 2025 mukukumbuka azibambo aja ovala nsalu za olenji, ena odzola phulusa thupi lonse akuthamangira mu mtsinje wa Ganges. Ena mwa iwowa, kwa abale awo ndi anthu oti anamwalira kale.

Kwa Ahindu moyo uli ndi magawo anayi, kuphunzira, banja, kupuma pa ntchito, kenako sannyasa pomwe munthu amasiya zonse, nyumba, chuma, ngakhale dzina lenilenilo. Ndiye tsiku lolowa limakhala lolemera ndithu. Amameta mpala, kamtsitsi kaja kotsala kunkhongo kamadulidwa, chingwe chopatulika chomwe wakhala akuvala paphewa kuyambira ali mnyamata amachivula. Kenako amaumba timipira ta mpunga totchedwa pinda, tomwe mwana amaperekera bambo ake akamwalira, koma apa akudziperekera yekha, ndipo ineyo gawo limeneli limandikhudza kwambiri chifukwa tangoganizani, munthu akupuma bwinobwino koma akudzitsanzika ndi manja ake. Amalowa m'madzi, kunena katatu kuti wasiya zonse, nalonjeza kuti palibe chamoyo chidzamuope. Guru wake, mphunzitsi wake wauzimu, amamupatsa nsalu ija ndi dzina latsopano. Narendranath Datta analowa sannyasa ku Baranagar, pafupi ndi Kolkata, mu 1887, dziko linadzamudziwa kuti Swami Vivekananda, mphunzitsi wotchuka wa Chihindu.

Kuchoka apo munthu wa sannyasa sakolezanso moto wansembe wapakhomo, amadya zopempha. Akamwalira nthawi zambiri samuwotcha ngati Ahindu anzake, amamukwirira atakhala tsonga kapena kumuika mumtsinje, poti mwambo wake wamaliro unachitika kale.

Ambiri ali mu gulu la Dashanami, la mayina khumi ngati Giri, Puri, Bharati ndi Saraswati, lomwe amati anayambitsa Adi Shankara, mphunzitsi wakale wa Chihindu, likulu lina lili ku Sringeri, kumwera kwa India. Koma mtima ndi mtima basi. Nkhani yomwe Ahindu amakamba ndi yoti Shankara yemweyo polowa analonjeza mayi ake kuti adzabwera pa imfa yawo, ndipo anabwereradi kwawo ku Kalady. Achibale anakana kumuthandiza ati munthu wa sannyasa sagwira maliro, iye ananyamula mtembo wa mayi akewo yekha nkuuwotcha pafupi ndi nyumba.