Mario atuluke mu foni: kukonzera ana phwando la tsiku lobadwa la magemu

Zikomo amayi apampando pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji nonse? Amene muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ine ndimaphunzitsa kusukulu ya mkaka, ndiye zimene ndilankhule pano zikukhudza ana a zaka 3 mpaka 8. Funso limene munanditumizira ndi ili: mwana wanena kuti chaka chino akufuna bethide ya magemu, kholo liyambire pati?

Yambirani pa mwanayo. Khalani naye pansi mumufunse kuti gemu yake ndi iti, ndipo akuonetseni pafoni mmene imaseweredwera. Makolo ambiri amadumpha apa, n'kuthamangira kumsika kukagula zithunzi za gemu imene mwana saidziwa n'komwe. Mukaiona, onaninso msinkhu umene inapangidwira. Pabokosi la gemu, kapena pamalo amene mumaikoperako pafoni, pamakhala nambala. Ku Ulaya kuli ndondomeko yotchedwa PEGI imene imaika magemu m'magulu asanu: 3, 7, 12, 16 ndi 18. Nambalayo sikunena kuti gemu ndi yovuta kapena yophweka, ikunena msinkhu umene mwana angaone zimene zili mkatimo. Mario Kart ili pa 3, Minecraft ili pa 7, Fortnite pa 12, pomwe Grand Theft Auto ili pa 18. Mwana wa zaka 5 akatchula ya 18, ndiye kuti waionera kwa achimwene ake. Mukaneni mwachikondi, mumupatse ziwiri zoyenera kuti asankhepo yekha.

Ine ndigwiritsa ntchito Mario monga chitsanzo, chifukwa ena mwa inu munaisewerapo muli ana pa timakina tija tolumikiza ku TV. Mario ndi wa kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo anamupanga ndi Shigeru Miyamoto. Anayamba kuoneka mu 1981 mu gemu ya Donkey Kong, kenako mu 1985 kunatuluka Super Mario Bros, imene inamutchukitsa padziko lonse. Ndi bambo wokonza mipope ya madzi, wa chipewa chofiira ndi ndevu za pamlomo. M'bale wake Luigi amavala zobiriwira. Ntchito yawo ndi kukapulumutsa mfumukazi Peach m'manja mwa chilombo chotchedwa Bowser. Panjira Mario amathamanga, amadumpha maenje, amalowa m'mapaipi obiriwira, amagunda mabokosi okhala ndi chizindikiro cha funso, amatola makobidi, ndipo kumapeto amadumphira pamtengo wa mbendera.

Mwamva mawu amenewo? Kuthamanga, kudumpha, kulowa, kugunda, kutola. Zonsezi mwana angathe kuzichita ndi thupi lake pabwalo la nyumba yanu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Phwando la magemu silifuna kuti mukhale ndi makina osewerera magemu pa TV monga PlayStation. Taganizani ana 12 m'chipinda chochezera, TV imodzi, zoseweretsera ziwiri. Awiri akusewera, khumi akungoyang'ana. Pakangotha mphindi zochepa wina wayamba kulira kuti sanagwireko, wamkulu walanda wamng'ono, mwini bethide wakwiya chifukwa waluza pamaso pa anzake. Magetsi akati thi, phwando lathera pomwepo. Komanso bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku atangokhala n'kumayang'ana TV kapena foni, ndipo wa zaka 3 kapena 4 azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zoyendayenda ndi kusewera. Tsiku limene anzake abwera ndiye losavuta kukwaniritsa mphindi zimenezo.

Tsono tiyeni timange dziko la Mario pabwalo. Kutatsala milungu iwiri kapena itatu, yambani kupempha makatoni m'magolosale. Katoni yaikulu muichotse mbali ziwiri, muimate pepala lobiriwira, mwana azikwawa kulowa uku n'kutulukira uko. Paipi ndi imeneyo. Matayala akale muwagoneke motsatizana kuti ana azidumpha kuchoka m'limodzi kupita m'linzake, koma muyambe mwawakhuthula madzi ndi kuona ngati mulibe mawaya otuluka. Lembani mizere iwiri pansi ndi phulusa kapena choko, n'kuwauza kuti pakatipo ndi dzenje. La tiana ta zaka 3 likhale lopapatiza moti kaphazi kangodutsa, la a zaka 7 mulikulitseko. Kumapeto zikani nsungwi, mumangirire kansalu pamwamba. Mwana akafika n'kugwira nsungwiyo, nonse muombe m'manja ndi kululutira.

Chimene ana amachikonda kwambiri ndi bokosi la funso. Tengani katoni yaing'ono ya mbali zofanana, muimate pepala lachikasu, mulembe chizindikiro cha funso chachikulu mbali zonse. Pamwamba pasatsekedwe. Ikanimo makobidi a pepala, n'kuipachika ndi chingwe panthambi ya mango kapena pamtanda wa khonde, pamwamba pang'ono pa mutu wa mwana. Iye aime pansi pake, adumphe, agunde ndi chibakera kuchokera mmunsi, makobidi awulukire panja. Munthu wamkulu agwire mbali ina ya chingwe, kuti wamfupi akabwera azitsitsa, wamtali akabwera azikweza. Mukatero palibe mwana amene apite kwawo asanagundeko. Muone nkhope ya kamwana kamanyazi kaja kamene kamabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake, kakangogunda koyamba makobidi n'kugwa. Kabwerera pamzere kokha.

Makobidiwo mudule kuchokera ku katoni, aakulu ngati pakamwa pa kapu, muwapake chikasu. Ndikudziwa ena mwaganiza kale za zitsekerero za mabotolo, poti n'zosavuta kupeza. Ngati pabwera ana osakwana zaka 3, zisiyeni, chifukwa chilichonse chaching'ono amaponya mkamwa. Mu gemu yeniyeni, Mario akatola makobidi 100 amapatsidwa moyo wina. Inu mungabise makobidi 100 pabwalo ponse, ana onse azitola n'kumaponya mu beseni limodzi, kenako muwerengere limodzi mokweza. Akakwana 100, keke ituluke. Mukachita chonchi palibe woluza, ndipo wamkulu amayamba kuthandiza wamng'ono kufufuza chifukwa onse akufuna keke. Ana a msinkhu umenewu kuluza kumawapweteka kwambiri, ndiye mpikisano wa munthu payekha muuchepetse.

Ngati anyamata okulirapo akufunabe mpikisano, pali Mario Kart, gemu ya mjaho wa timagalimoto imene inayamba mu 1992. Ana athu amadziwa kale kuumba magalimoto a mawaya. Uzani aliyense abwere ndi yake, mulembe msewu wokhotakhota pansi. Mu gemumo galimoto ikaponda khoko la nthochi imazungulira n'kutaya nthawi. Inu dulani mapepala achikasu muwamwaze mumsewumo, wopondapo azizungulira kamodzi asanapitirire. Makoko enieni ayi, mwana angathyoke dzino.

Eya mayi, mwakweza mkono. Akufunsa kuti nanga mwana akakana Mario, akufuna Minecraft? Imeneyo ndiye yophweka kuposa. Minecraft inachokera ku Sweden, ku kampani ya Mojang, inatuluka yathunthu mu 2011, ndipo Microsoft inaigula mu 2014. Mmenemo chilichonse n'cha makona anayi: mitengo, nkhosa, anthu, ngakhale dzuwa. Ntchito yaikulu ndi kukumba ndi kumanga. Unjikani makatoni pakati pa bwalo, mugawe ana m'magulu awiri, muwauze amange nyumba yoti munthu alowemo. Mudzavutika kuwaitana kuti adzadye. Pali kachilombo kobiriwira kotchedwa Creeper, nkhope yake ndi timabokosi takuda basi, moti ngakhale inu amene mumati simudziwa kujambula mungakwanitse. Keke yake muphikire mu thireyi wamba, muidule mabwalo a makona anayi, pamwamba poyera ndi timadontho tofiira, chifukwa keke ya mu gemumo imaonekanso choncho. Kwa amene amakonda Pac-Man, ya mu 1980 ija, lembani tinjira pansi, ana anayi akhale mizukwa yothamangitsa mmodzi, koma aliyense aziyenda m'mizere mokha. Ndi chipako chomwe chija timachidziwa.

Zovala musavutike nazo. Dulani pepala lolimba lofiira ndi lobiriwira, mupange tizipewa, pamphumi mulembe chilembo choyamba cha dzina la mwana aliyense mmene Mario alili ndi M ndi Luigi L. Ntchito imeneyi ikhale yoyamba ana akamafika, popeza safika nthawi imodzi. Wofika msanga akhale pamkeka, azikongoletsa chipewa chake podikira anzake. Ndevu mungawajambule ndi pensulo ya nsidze, koma wokana musamukakamize. Atsikana musawasankhire kuti onse akhale Peach. Mu magemu angapo Peach naye amathamanga ndi kuyendetsa galimoto, ndipo mtsikana amene akufuna chipewa cha Mario mumupatse.

Tibwere ku chakudya. Ana sadya zambiri paphwando, amafuna kubwerera kukasewera. Mandasi ang'onoang'ono, zitumbuwa, chipisi, mpunga pang'ono ndi nkhuku yochotsa mafupa, nthochi, mavwende, Sobo wosungunula bwino ndi madzi akumwa ambiri, zakwana. Masikono ozungulira mungawatche makobidi. Timakeke tating'ono tokhala ndi shuga wofiira pamwamba ndi madontho oyera timaoneka ngati bowa wa Mario. Pamenepa ndiimepo pang'ono. Mu gemu, Mario akadya bowa wofiira amakula n'kukhala wamphamvu. Kuno kwathu nthawi ya dzinja bowa amamera paliponse, ngakhale kuseri kwa nyumba, ndipo wina ndi wakupha. Musanagawe timakeketo, uzani ana momveka kuti bowa wa Mario ndi wa mu gemu ndi pambale iyi basi, wapatchire sagwira ndipo sadya popanda munthu wamkulu. Nenani kawiri.

Mtedza wathunthu, mbuliwuli ndi maswiti olimba musapatse ana osakwana zaka 5, amatsamwa nazo. Mabaluni ndi okongola, koma likaphulika tolani zidutswa nthawi yomweyo, chifukwa kachidutswa kakalowa pakhosi kamamatirira n'kutseka mpweya. Poitana anthu, funsani makolo ngati mwana wawo pali chimene sadya, kaya chifukwa cha thupi lake kapena chipembedzo. Tili ndi anansi achisilamu ndi a Seventh Day, ndiye masoseji muzidziwa kuti ndi a nyama yanji. Chitsime, dramu la madzi ndi mbaula ya moto zikhale zotchinga, ndipo pageti pakhale munthu. Pa ana anayi kapena asanu alionse pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwayang'ana, osati amene akukazinganso chipisi.

Nthawi ikhale maola awiri, osapitirira. Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana ndi bwino, ana atadya kale nsima kwawo ndipo kusanade. M'miyezi yotentha ya October ndi November yambani mochedwerako, masewera akhale pamthunzi. M'dzinja konzekeranitu khonde kapena chipinda chimodzi chochotsa mipando. Ndondomeko yake: zipewa pofika, masewera othamanga, kusamba m'manja, kudya, keke ndi nyimbo, kenako chinthu chodekha podikira makolo. Ngati muli ndi gemu yeniyeni ndipo mukufuna aigwireko, malo ake ndi omalizawa. Aliyense mjaho umodzi, wamkulu ali pomwepo kuitana mayina, ndipo pafoni mutseke zogulagula, chifukwa magemu ena mwana akangodina pamachoka ndalama.

Za chiwerengero, mukudziwa mmene timakhalira. Mukaitana ana 10, a nyumba zoyandikana amva nyimbo ndipo adzaima pampanda. Musawathamangitse. Keke ingakhale ya oitanidwa, koma mandasi phikani ochulukirapo ndipo makobidi a pepala dulani ambiri, poti amenewo sagula. Mwana wanu akuona mmene mukulandirira anzake. Komanso uzani makolo kuti mphatso si chiphaso cholowera, pali ena amene amasunga mwana pakhomo chifukwa chosowa chonyamula.

Ndalama ndiye ndinene mosabisa. Musatenge katapila kapena kuthyola masheya a banki mkhonde chifukwa cha bethide. Lembani ndalama imene muli nayo, yambani ndi chakudya ndi keke, zokongoletsa zidye zotsala. Zambiri zimene ndatchula pano ndi makatoni, mapepala, guluu, chingwe ndi phulusa. Ana amene mabethide awo ali m'mwezi umodzi angathe kuchitira limodzi phwando, mabanja awiri n'kugawana mtengo. Ndipo bokosi la funso likatha ntchito kwanu, musaliotche, lipite kwa mnzanu amene mwana wake ali ndi bethide mwezi wamawa.

Chomaliza ndi zithunzi. Jambulani, koma musanaike mwana wa mwini pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp, pemphani makolo ake, ndipo pewani zithunzi zoonetsa yunifolomu ya sukulu kapena nambala ya nyumba. Amayi apampando, ndabwera ndi katoni, pepala lachikasu, sizasi ndi chingwe. Ndikupempha anthu awiri abwere kutsogolo kuno tipange bokosi limodzi nonse mukuona, mmodzi wamtali woti atigwirire chingwe.